Mawu Akamatsalira Milomo: Kajambulidwe ndi Kakonzedwe ka Kanema Kuyambira pa Kamera Mpaka Potulutsa

"Poyambirira mawu akugwirizana bwinobwino ndi milomo, koma pofika kumapeto munthu watseka kale pakamwa, mawu akumvekabe. Ndalakwitsa pati?" Funsoli ndaliyankha kambirimbiri, ndipo ambiri ofunsa amakhala ataweruza kale kuti pulogalamu yawo ndi yowonongeka kapena kompyuta ndi yofooka. Kawirikawiri si choncho. Vutoli limabadwa pojambula, kenako limakula munthu akathamangira kudula mafayilo asanawaunike. Njira yonse ndailemba pano kuti muziitsata mwa dongosolo lake. Ngati mwajambula kale ndipo vuto lili m'manja, yambirani pa nambala 5 ndi 6, koma za pa nambala 1 mpaka 3 muziwerenge musanajambulenso.

Zambiri mwa izi zimagwira ntchito m'mapulogalamu okonzera kanema monga DaVinci Resolve, Premiere Pro, Kdenlive, Shotcut ngakhale CapCut. Chimene chimasiyana kawirikawiri ndi mayina a mabatani.

1. Sankhani liwiro limodzi la mafulemu ndipo mukhale nalo mpaka kumapeto

Kanema ndi zithunzi zoima zimene zimaonetsedwa motsatizana mwachangu. Chithunzi chimodzi mwa izo ndi fulemu, ndipo nambala yolembedwa fps imanena kuchuluka kwa mafulemu pa sekondi imodzi. Mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30, makamera ena pa 25, ena pa 24. Mukaika fayilo ya 30 mu ntchito (project) imene mwaitchera pa 25 mu pulogalamu yokonzera, pulogalamu imataya fulemu imodzi pa mafulemu 6 aliwonse, ndipo paliponse pamene kamera ikuyenda chithunzi chimaoneka ngati chikutsimphina.

Posankha liwiro, yang'anani magetsi a dziko limene mukujambuliramo. Ku Africa, ku Europe ndi mbali yaikulu ya Asia magetsi ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pamene ku North America ndi a 60 Hz. Mababu ambiri amaphethira motsata magetsiwo, maulendo 100 pa sekondi kumene kuli 50 Hz. Diso siliona zimenezi koma kamera imaziona. Choncho pa 50 Hz jambulani 25 fps ndi shutter ya 1/50, pa 60 Hz jambulani 30 fps ndi 1/60. Shutter ndi kanthawi kamene fulemu iliyonse imatsegukira kuwala. Mukaphonya apa, mizere yakuda imayenda pachithunzi kapena kuwala kumangothwanima, ndipo kuzichotsa pambuyo pake ndi ntchito yowawa.

Pa iPhone lowani Settings, Camera, Record Video. Yatsani Show PAL Formats kuti 25 fps ioneke, zimitsani Auto FPS, zimitsaninso HDR Video. Kanema wa HDR, amene amasunga kuwala kochuluka kuposa kanema wamba, akaikidwa pa ntchito wamba amaoneka wotuwa kapena wowala mopyola muyezo. Ngati kamera ya foni yanu siikupatsani mwayi wosankha zimenezi, pulogalamu yaulere ya Blackmagic Camera imalola kutchera fps ndi shutter ndi dzanja pa mafoni amene imagwirizana nawo.

Mukafuna chidutswa choyenda pang'onopang'ono, jambulani chokhacho pa 50 fps, kenako muchichepetse liwiro ndi theka pa ntchito ya 25.

2. Khazikitsani chithunzi

Apa sindichedwa. Pukutani galasi la kamera. Ikani foni kapena kamera pa choimikapo chosagwedezeka. Kuwala kuchokere kutsogolo kapena chapambali pa munthu, osati pawindo lili kumbuyo kwake, chifukwa nkhope idzada bii. Pa foni, dinani nkhope ya munthu ndi kugwirabe mpaka kuwala ndi focus zitsekeke, apo ayi kamera izingosinthasintha yokha munthu akasuntha. Pa kamera yolola kutchera mtundu wa kuwala, dzuwa ndi pafupifupi 5600K, mababu achikasu akale ndi 3200K. Musasakanize mitundu iwiriyi pankhope imodzi.

Mukadina kuti iyambe kujambula, dikirani masekondi 5 munthu asanayambe kulankhula, ndipo akamaliza dikiraninso masekondi 5. Masekondi amenewa ndi pogwirira podula.

Memori khadi muzilichita format, kutanthauza kulifufuta lonse n'kulikonza mwatsopano, m'kamera momwemo, osati pa kompyuta. Pa 4K sankhani khadi lolembedwa V30, kutanthauza kuti limalemba 30 MB pa sekondi osatsika. Kamera yojambula pa 100 Mbps, nambala yonena kuchuluka kwa deta pa sekondi, imadya 750 MB pa mphindi, ndiye kuti 45 GB pa ola. Werengerani malo musanayambe.

3. Mawu: mmera mpoyamba

Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka sawapirira. Ndipo mawu ojambulidwa molakwika sachira, amangophimbidwa.

Chachikulu ndi mtunda. Mtunda wochoka pakamwa kufika pa maikolofoni ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi 6 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu), koma phokoso la m'chipinda limakhala momwemo. N'chifukwa chake kamaikolofoni kotsika mtengo komangirira pachifuwa kamaposa maikolofoni yodula yokhala pa kamera mamita 3 uko. Kamangirireni masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, pamalo pamene nsalu, tsitsi kapena mkanda sizikukhudza. Pindani chingwe chake kamodzi ndi kuchipanikiza pa chovala kuti chikakokedwa phokoso lisafike pa maikolofoni. Panja, valikani kachipewa kaubweya. Ka siponji kamathandiza m'nyumba mokha, mphepo yeniyeni imadutsa.

Onani pulagi. Ya mizere iwiri yakuda ndi TRS, ya makamera ndi zojambulira mawu. Ya mizere itatu ndi TRRS, ya mafoni. Zonse zimalowa pabowo lofanana, koma mukasokoneza, foni imangojambula ndi maikolofoni yake yamkati osakuuzani. Yesani pokanda maikolofoni ndi chala kenako n'kumvetsera.

Tcherani chojambulira mawu pa WAV, mtundu wa fayilo ya mawu yosafinyidwa, 48 kHz, 24-bit. Nambala ya 48 kHz ndiyo ya makanema, 44.1 kHz ndi ya ma CD a nyimbo. Musaope kukula kwa fayilo: mphindi imodzi ya maikolofoni imodzi sifika ndi 9 MB yomwe.

Mita ya mawu imathera pa 0 pamwamba, manambala onse apansi ndi a minus. Muuzeni munthuyo alankhule mmene adzalankhulire zenizeni, osati kungonena "wani, thuu", ndipo mutchere kuti mita izifika cha pa -12, akaseka kapena kukweza mawu isapyole -6. Ikagunda 0 nsonga za mawu zimadulidwa, mawu amasweka, ndipo kutsitsa voliyumu pambuyo pake kumangokupatsani mawu osweka otsika. Zimitsani chotchera mphamvu chokha, chimene chimalembedwa Auto Gain kapena AGC, chifukwa munthu akapuma chimakweza phokoso la m'chipinda kuti fuu, akayamba kulankhula n'kulitsitsanso.

Zimitsani fani ndi firiji. Foni ikhale pa airplane mode. Chipinda chopanda katundu chimabweza mawu ngati muli mumgolo, ndipo mankhwala ake ndi zinthu zofewa: makatani, mabulangete, matilesi, kapeti. Valani mahedifoni achingwe nthawi yonse yojambula. Mita imaonetsa kukwera kwa mawu, koma siikuuzani kuti chingwe chikuthetheka kapena malaya akukhula maikolofoni.

Musanasiye gawoli, chitani zinthu ziwiri zimene zidzakupulumutseni pa nambala 6. Choyamba, zida zonse zikayamba kujambula, munthu aime pamene kamera ikumuona, pafupi ndi maikolofoni, awombe m'manja kamodzi mwamphamvu, phwa! Akamaliza kulankhula, musanazimitse chilichonse, awombenso. Ambiri amadziwa kuwomba koyamba. Komaliza n'kumene kumaiwalika, chonsecho n'kumene kumaulula ngati mawu ataya njira pakati. Chachiwiri, aliyense akhale chete ndipo mujambule masekondi 30 mpaka 60 a chipinda chokhachokha, maikolofoni ili pomwe inali. Amakutcha room tone. Ngakhale muli ndi chojambulira mawu chapadera, maikolofoni ya kamera musaizimitse, chifukwa mawu ake ndi amene mudzayerekezere.

4. Samutsani mafayilo ndi kuwapatsa malo okhazikika

Pangani foda imodzi ya ntchitoyo, m'kati mwake mukhale mafoda a kanema, mawu, nyimbo, ndi zotulutsidwa. Koperani khadi lonse ndi mafoda ake, osati kutola mafayilo ena. Makhadi a 32 GB kapena ochepera apo amakhala a FAT32, imene silola fayilo kupyola 4 GB, choncho kamera imagawa chojambulidwa chachitali m'mafayilo angapo. Mukasiya imodzi, pakati padzasowa. Kuchokera pa foni gwiritsani chingwe. Kutumiza kanema pa WhatsApp mwa njira wamba kumamufinya n'kuwononga chithunzi ndi mawu.

Koperani kawiri, pa madisiki awiri osiyana, musanafufute khadi. Ngati mukufuna kusintha mayina a mafayilo, sinthani pano. Pulogalamu yokonzera kanema siimeza mafayilo, imangoloza pamene ali, ndiye mukawasuntha kapena kuwasintha dzina pambuyo pake mudzalandiridwa ndi uthenga wa Media Offline.

Ojambula sikirini ndi OBS Studio asankhe MKV, osati MP4 wamba. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi MP4 yosamalizidwa sitseguka, pamene MKV imasunga zonse mpaka pamene inalekera. Mukamaliza, Remux Recordings imaisandutsa MP4 popanda kuwononga kanthu. Ikani maikolofoni ndi mawu a kompyuta pa mizere yosiyana. Osamutsa matepi a MiniDV kudzera pa FireWire akonze 13 GB pa ola lililonse, ndipo adziwe kuti kanema wa matepi amakhala wa mizere yolowana, yoti pa kompyuta imaoneka ngati mano a chipeso m'mphepete mwa chinthu choyenda. Yatsani Deinterlace kuti manowo achoke.

5. Unikani fayilo iliyonse musanadule kanthu

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha, ndipo ndi pamene pagona gwero la funso lija.

Kamera yeniyeni ikalonjeza mafulemu 25 pa sekondi, imapereka 25 sekondi iliyonse. Foni ndi mapulogalamu ambiri ojambula sikirini satero. Kuwala kukachepa, foni ikatentha kapena ikatanganidwa ndi ntchito zina, imachepetsa mafulemu kwa kanthawi, n'kulemba m'fayilo nthawi yeniyeni ya fulemu iliyonse. Zimenezi amazitcha variable frame rate, mwachidule VFR. Poonera pa foni kapena pa VLC, pulogalamu yoonerera kanema, simuona vuto, popeza choseweretsacho chimatsata nthawi zolembedwazo. Koma timeline, kutanthauza mzere umene mumayalapo zidutswa zanu, inapangidwa ndi timabokosi tofanana, fulemu imodzi kabokosi kamodzi. Pulogalamu ikangoyala mafulemu motsatizana osasamala nthawi zija, chithunzi chimafupika, mawu n'kukhala ndi utali wake weniweni.

Tiyerekeze ndi manambala. Mphindi 10 pa 30 fps zimayenera kukhala mafulemu 18,000. Foni ikadumpha mafulemu 90 apa ndi apo, chithunzi chimatha masekondi 3 mawu asanathe. Ndipo popeza kudumphako sikunachitike mofanana, simungakonze pongokankha mawu. Mukagwirizanitsa koyambirira, kumapeto kumasiyana. Mukagwirizanitsa kumapeto, pakati pamasokonekera.

Chitani izi. Tsegulani fayilo mu MediaInfo, pulogalamu yaulere, ndipo mufufuze mzere wa Frame rate mode. Ikanena Constant, fayiloyo ili bwino. Ikanena Variable, onani manambala a Minimum ndi Maximum. Akasiyana pang'ono chabe ndipo chidutswa chili chachifupi, mwina simudzaona kanthu. Akatalikirana, kapena chidutswa chikapyola mphindi zingapo, sandutsani fayiloyo musanaiike mu ntchito.

Mu HandBrake, imenenso ndi yaulere, njira ndi iyi. Pa Video sankhani H.264, njira yofinyira kanema. Pa Framerate lembani liwiro limene munajambulira, ndipo pansi pake musankhe Constant Framerate. Samalani, chifukwa dongosolo limene HandBrake imayamba nalo, Fast 1080p30, limakhala pa Peak Framerate, imene imasiya vutolo momwemo, komanso limachepetsa 4K kukhala 1080p. Choncho lowani pa Dimensions muchotse malirewo ndi kuonetsetsa kuti siikudula m'mphepete mwa chithunzi. Quality ikhale RF 18. Nambala ikachepa ubwino umakwera ndipo fayilo imakula. Pa Audio sungani 48 kHz ndi AAC ya 256 kapena 320 kbps. Musagwiritse sitepe imeneyi kusandutsa 30 kukhala 25, chifukwa mudzalowetsa kutsimphina m'fayilo momwemo. Shotcut ndi Kdenlive zimakuchenjezani zokha zikapeza fayilo ya VFR n'kukufunsani ngati ziisandutse. Vomerani.

Fayilo yoyambirira musaifufute. Yosandutsidwayo ipatseni dzina lomwelo ndi kachizindikiro kumapeto, muibwezenso mu MediaInfo kuti muone kuti tsopano ikunena Constant.

Ngati mwazindikira izi mutadula kale theka la kanema, dziwani kuti kulowetsa fayilo yatsopano m'malo mwa yakale kumasuntha malo odula, chifukwa kuchuluka kwa mafulemu kwasintha. Mudzayenera kuyendera podula paliponse. Palibe njira yachidule.

6. Tcherani ntchito, kenako gwirizanitsani mawu ndi chithunzi

Tsegulani ntchito yatsopano ndi kutchera kukula kwa chithunzi, fps ndi 48 kHz musanakoke fayilo iliyonse. Mu DaVinci Resolve, timeline ikangopangidwa ndi kuikidwa zidutswa, liwiro lake silisinthikanso. Samalaninso kusiyana kwa 30 ndi 29.97. Kumaoneka kochepa, koma fayilo ikawerengedwa ndi nambala yolakwika, mawu ndi chithunzi zimasiyana masekondi 3.6 pa ola.

Mapulogalamu akuluakulu amatha kugwirizanitsa okha poyerekeza mafunde a mawu: Auto Sync Audio mu Resolve, Synchronize mu Premiere Pro. Yesani kaye imeneyo, koma musaikhulupirire osaona. Pamalo aphokoso, kapena kamera ikakhala patali, imaphonya.

Pochita ndi dzanja, ikani kanema pamwamba, mawu abwino pamzere wapansi, ndipo mukulitse timeline mpaka fulemu iliyonse izioneka. Kuwomba m'manja kumaoneka ngati munga woima njo pa mafunde a mawu. Yendani fulemu ndi fulemu ndi mabatani amivi mpaka pa fulemu yoyamba imene zikhatho zakhudzana, ndipo mukokere munga wa mawu abwino pamenepo. Tsatani chithunzi cha manja kuposa munga wa maikolofoni ya kamera. Mawu amayenda mamita 343 pa sekondi, ndipo fulemu imodzi pa 25 fps ndi mamilisekondi 40, ndiye kamera yokhala mamita 14 imamva kuwombako itachedwa ndi fulemu yathunthu.

Tsopano pitani pa kuwomba komaliza, kenako muone penanso pakati, pamene munthu akutchula p, b kapena m, chifukwa milomo imatsekeka moonekera. Malo atatuwa amakuuzani matenda.

Ngati kusiyana kuli kofanana paliponse, kankhani mawu onse ndi mafulemu omwewo, basi.

Ngati kusiyana kukusinthasintha, pena kutsogola pena kutsalira, VFR ikadalipo. Bwererani pa nambala 5.

Ngati kukukula pang'onopang'ono mofanana, vuto ndi mawotchi. Kamera ndi chojambulira mawu chilichonse chili ndi kawotchi kake kamkati, ndipo awiriwa sayenda ndendende mofanana. Pa mphindi ziwiri simungaone, pa theka la ola mudzaona. Werengani motere. Tinene kuti pakati pa kuwomba koyamba ndi komaliza pali mphindi 20 pa 25 fps, amene ndi mafulemu 30,000, ndipo munga womaliza wachedwa ndi mafulemu 6. Gawani 30,006 ndi 30,000, yankho ndi 100.02 peresenti. Ikani liwiro la mawu pamenepo. Ukanakhala kuti mungawo wafulumira ndi mafulemu 6, likanakhala 99.98. Khutu silimva kusintha kochepa chotere. Mu Premiere Pro, Rate Stretch Tool, pa batani la R, imachita zimenezi pongokoka mchira wa mawu, bola muyambe mwadula mawuwo pa kuwomba koyamba kuti poyambira pasasunthe. Pulogalamu yanu ikakana manambala aang'ono otere, dulani mawu pamene munthu wapuma, pafupifupi mphindi 3 zilizonse pa chitsanzo chathuchi, n'kusuntha chidutswa chotsatira ndi fulemu imodzi.

Mukalephera kugwera pakati penipeni, lolani mawu achedwe pang'ono osati kutsogola. Munthu amayamba kuzindikira mawu otsogola pa mamilisekondi pafupifupi 45, pamene otsalira amawazindikira cha pa 125, chifukwa m'moyo tinazolowera kuona chinthu kaye n'kuchimva pambuyo. Musaweruze zimenezi ndi mahedifoni a Bluetooth. Amachedwetsa mawu ndi mafulemu angapo, ndipo mudzakonza chinthu chimene sichinalakwike.

Zikagwirizana, zimitsani mawu a kamera. Onse awiri akamamveka pamodzi, mawu amakhala ngati akutuluka mu paipi. Kenako mangani mawu abwino ndi chithunzi pogwiritsa Link kuti muzidula ndi kusuntha zonse limodzi.

7. Kompyuta ikamajejema, pangani ma proxy

Mafayilo a H.264 ndi H.265 sasunga fulemu iliyonse yathunthu. Amasunga imodzi yathunthu, zotsatira n'kungolemba zimene zasintha, ndiye kompyuta imavutika kuwerengetsera mukamalumpha uku ndi uku. Proxy ndi kope lopepuka logwiritsa podula. Sankhani DNxHR LB kapena ProRes Proxy, theka kapena kota la kukula kwa chithunzi. Potulutsa, pulogalamu imabwerera ku mafayilo enieni. Kujejema poonera sikutanthauza kuti kanema wotuluka adzajejema.

8. Dulani ndi khutu kaye

Phunzirani mabatani asanu: J kubwerera, K kuima, L kupita kutsogolo, I poyambira, O pothera. Yalani kaye nkhani potsata zolankhulidwa, osalabadira kukongola. Kenako phimbani malo odula ndi zithunzi zina za malowo, manja, kapena chinthu chimene chikukambidwa. Mitundu, zolemba ndi nyimbo zibwere nkhani itakhazikika, apo ayi mudzakongoletsa zidutswa zimene mudzataye.

Dulani pamene munthu wamaliza kupuma, osati pakati pa mpweya. Musachotse kupuma konse, munthu wosapuma amatopetsa omvera. Podula paliponse pa mawu ikani crossfade, kulowana kwa mawu otha ndi oyamba, ya mafulemu 2 mpaka 4, kuti kaphokoso ka thi kasamveke. Mipata yopanda mawu muitseke ndi room tone ija. Chete weniweni wa kompyuta amamveka ngati chingwe chaduka.

Kuti kusintha kwa chithunzi kusagunde m'maso, lolani mawu a chidutswa chotsatira ayambe chithunzi chake chisanaoneke, kapena mawu a chapitacho apitirire pa chithunzi chatsopano. Koyambako ndi J-cut, kwachiwiriko ndi L-cut, mayina ochokera ku maonekedwe ake pa timeline. Theka la sekondi limakwana. Zotembenuzatembenuza pakati pa zidutswa zisiyeni, kudula wamba kumagwira ntchito pafupifupi paliponse.

Yatsani autosave, ndipo tsiku lililonse musunge ntchito ndi nambala yatsopano.

9. Yeretsani mawu motsata dongosolo

Mawu akamamveka khutu limodzi lokha, maikolofoni inajambula mbali imodzi ya stereo. Sinthani chidutswacho chikhale mono, mu Resolve pa Clip Attributes, mu Premiere Pro pa Modify, Audio Channels.

Yambani ndi high-pass filter pa 80 Hz, imene imachotsa kulindima kwa pansi kwa magalimoto, mphepo ndi kugunda kwa tebulo osakhudza mawu a munthu. Kung'ung'uza kwa magetsi kumakhala pa 50 Hz kapena 60 Hz ndi manambala owirikiza ake, monga 100 ndi 150, ndipo kumachotsedwa ndi timipata topyapyala pa EQ, chida chotsitsira kapena kukwezera mbali zina za mawu. Kenako chepetsani phokoso. Mu Audacity sankhani kachigawo ka room tone, dinani Get Noise Profile, sankhani mawu onse, n'kuchepetsa ndi 6 mpaka 12 dB. Mukapyola, munthu amamveka ngati akulankhulira pansi pa madzi. Phokoso pang'ono lotsala ndi labwino kuposa mawu opunduka.

Pambuyo pake linganizani zidutswa ndi dzanja kuti olankhula onse amveke mofanana, ndiyeno compressor, chida chochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika, ya 3:1 yotsitsa nsonga ndi 3 mpaka 6 dB. Mukayamba ndi compressor phokoso lisanachoke, mumalikweza limodzi ndi mawu. Nyimbo ikhale pafupifupi 20 dB pansi pa wolankhula, ndipo muimvere pa sipika ya foni, chifukwa zimene zimamveka zolingana m'mahedifoni zimamiza mawu pa kasipika kakang'ono.

Mukatumiza mawu ku pulogalamu ina, tumizani WAV ya timeline yonse kuyambira pa fulemu yoyamba, musadule kapena kuwonjezera kanthu, ndipo mubweze WAV. MP3 imaika kampata koyambirira kwa fayilo, kamene kamasuntha mawu onse.

Pomaliza yezani kukwera kwa mawu a kanema yense ndi mita ya LUFS, muyezo wa mmene khutu limamvera kukwera kwa mawu. YouTube imatsitsa mawu opyola pafupifupi -14 LUFS, choncho kukweza kupyola apo n'kungowononga. Mawayilesi a kanema otsata muyezo wa EBU R128 amafuna -23 LUFS. Limiter, chida choletsa mawu kupyola malire, ikhale pa -1 dB.

10. Tulutsani, kenako onerani fayilo yotulukayo

Pa intaneti sankhani MP4, H.264, kukula ndi fps zofanana ndi za timeline, mawu a AAC pa 48 kHz. YouTube imalangiza 8 Mbps pa 1080p ya 24, 25 kapena 30 fps, 12 Mbps pa 50 kapena 60 fps, ndi 35 mpaka 45 Mbps pa 4K ya liwiro wamba. Kanema wokhala ndi masamba ogwedezeka, madzi kapena khamu la anthu mumuwonjezere pamenepo. Onetsetsani kuti I ndi O zakuta kanema yense, osati kachigawo kamene munasankha dzulo, ndipo ngati pali batani lotulutsira ndi ma proxy, likhale lozimitsa.

Tulutsani kaye masekondi 30 a chakumapeto muone ngati milomo ndi mawu zili pamodzi. Zikakhala bwino tulutsani yense, mumutsegule mu VLC kunja kwa pulogalamu yokonzera, ndipo mumuonere kuyambira poyamba mpaka pomaliza osalumpha, kamodzi ndi mahedifoni achingwe, kamodzi pa foni. Fufuzani fulemu yakuda yotsalira pakati pa zidutswa, dzina lolembedwa molakwika, ndi nyimbo yodulidwa mwadzidzidzi. Mukapeza cholakwika, konzani pa timeline n'kutulutsanso kuchokera kumeneko. Musalowetse MP4 yotulukayo mu pulogalamu kuti muikonzere pamwamba, chifukwa kufinya kwachiwiri kumadya ubwino wina. Tulutsaninso kope limodzi lolemera la DNxHR kapena ProRes, mulisunge pamodzi ndi foda yonse ya ntchito pa madisiki awiri aja.